Yoram wa Masamu a Magazi

Zelifa, namwino wa pachipatala china chaching'ono cha kufupi ndi ku Ludzi, anamuona koyamba Yoram akutsika galimoto ya ofufuza ochokera ku Blantyre, nsapato zili matope okhaokha. Linali dzinja, malungo atavuta.

"Ndinu adokotala?" anafunsa Zelifa.

"Ayi asisitala, ine ndine wa masamu. Tikutenga magazi a ana amene malungo awakomola, ndi a ana amene angotentha thupi basi. Ndiwerenge kuti chitetezo chotengera kwa makolo chikupezeka kwambiri m'gulu liti."

"Mukapeza kusiyana ndiye kuti mwatha?"

"Ayi, ndiyesenso ngati kusiyanako n'koona kapena kwangochitika mwamwayi. Ana akachepa, manambala amanama."

Zelifa ankatenga magazi, Yoram n'kumalemba pa timabotolo. Posakhalitsa mawu oti asisitala anatha, kunatsala "Zeli wanga". Lamlungu lililonse Yoram ankabwereka njinga n'kumukweza mpaka kumsika, komwe anyamata a chipani ankayamba aona makadi asanawalole kulowa.

"Duwa langa, ukaseka ine ndimasokoneza masamu!"

"Bodza iwe! Umawauza angati zimenezi?"

Tsiku lonyamuka Yoram anamugwira manja onse awiri. "Ana owatenga magazi sanakwane, dzinja likubwerali tibweranso. Ndidzafika ndi amalume kudzaonekera kwanu. Undidikire."

Zelifa anadikira. Fodya anathyoledwa, mtedza unakumbidwa, fumbi linabwera. Aphunzitsi a Aleck anamufunsira, iye anakana. Galimoto ikangolira kumsewu, mtima unkagunda kuti thi thi thi! Kodi kumeneko akudya bwino? Kodi akumukumbuka?

Mvula itagwa, galimoto inafikadi. Zelifa anathamanga chipewa chili m'manja. Anatsika adokotala, anatsika dalaivala, kenako mtsikana wachilendo.

"Ndine Ireen, wa masamu watsopano."

"Nanga a Yoram?"

"Aa, simunamve? Ali ku Mangalande kusukulu, anapita ndi akazi awo. Ukwati wake unali wokoma bwanji! Chinkhoswe paja anachita kalekale, asanabwere n'komwe kuno."

Zelifa anagwira chitseko cha galimoto.

"Asisitala, mwana wakomoka!" anakuwa mayi wina pakhonde.

Zelifa anavala chipewa chake n'kuthamangira komweko. Anaupeza mtsempha pa kadzanja kotentha ngati moto, koma misozi inkagwera pa chitenje cha mayiyo.

"Kodi mwana wanga afa?" anafunsa mayiyo mwamantha.

"Ayi mayi, achira. Izi n'zanga."