Yankho la pa Tsamba la Kholowa

Bibiana anamuona Ignasio koyamba pasiteji ya ku Nguludi, Lachiwiri lina masana. Mtsikanayu anali atamaliza Fomu 4 ndipo ankagulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, maso ali kunsewu ngati pali amene anamulonjeza kubwera. Mnyamata wina anatsika minibasi atafungatira chitini chomera mbatata ngati khanda.

"Achimwene, mbatata mpaka kuikweza minibasi? Ikudwala?"

"Ameneyu ndi mphunzitsi, achemwali," anayankha mnyamatayo osaseka. "Mawa akaphunzitsa Fomu 3."

Dzina lake linali Ignasio, wosamalira zipangizo mulabotale ya sekondale ina yapafupi. Sabata imeneyo anadzagula mayunitsi kanayi. Kachisanu anapempha nambala.

Kuyambira pamenepo foni ya Bibiana sinapumenso.

"Wadzuka bwanji, dzuwa langa?"

"Ndadzuka, kholowa wanga. Wandilota?"

"Ndakulota mpaka ndachedwa kuntchito."

Vuto linali limodzi. Amayi ake a Bibiana, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, anali atanenetsa kuti za anyamata sakufuna kuzimva mwana wawo asanalowe koleji. Choncho awiriwa ankakumana kuseri kwa golosale, ndipo kukangotulukira chitenje cha kutchalitchi, Bibiana ankataya dzanja la Ignasio ngati lamuotcha.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, Ignasio anabwera ndi chitini china cha mbatata, pepala lakuda ndi timapini.

"Anzanga amapatsidwa maluwa, ine ndiwo?" anaseka Bibiana.

"Tamvera, mtima wanga. Ndikufuna amalume anga akaonekere kwa amalume ako. Koma usandiyankhe pakamwa. Undiyankhe patsamba."

"Patsamba bwanji?"

"M'tsambamu muli timaselo tobiriwira timene timakola kuwala kwa dzuwa. Timatenga madzi ochokera kumizu ndi mpweya umene ife timatulutsa popuma, n'kupanga shuga. Wotsala timasunga ngati sitachi. Iwe uboole yankho lako papepalali, ulimate patsamba, uike chitinichi padzuwa tsiku lathunthu. Sitachi adzapangika pokhapo pamene dzuwa lalowera. Loweruka ndikadzadontheza ayodini, mawu ako adzada bii."

Bibiana anafika kunyumba mtima uli m'mwamba. Ndi mtsikana uti m'Chiradzulu monse amene anafunsiridwapo chonchi? Anatenga lezala n'kuboola zilembo zitatu: EYA.

Koma atafika pakhomo ndi chitinicho, anaima. Amayi anali pakhonde akusankha nandolo. Akaona tsamba lovala pepala safunsa? Nanga akafunsa ayankha chiyani? Anabwerera n'kuchilowetsa kunsi kwa bedi, kuseri kwa sutikesi.

"Chikondi chotentha ngati changachi chingalephere kulemba patsamba?" anadzilimbitsa mtima.

Chitinicho chinakhala kumeneko masiku atatu.

Loweruka Bibiana anachotsa pepala, nathothola tsamba, nathamangira kulabotale. Ignasio anali atavala malaya ositasita. Anawiritsa tsambalo m'madzi, kenako m'sipiliti mpaka linayera, nalitambasula pambale. Anadontheza ayodini.

Anadikira. Tsamba lonse linangokhala lachikasu, lopanda ngakhale kadontho kakuda.

"Ayodini wako ndi wakutha," anatero Bibiana. "Ndinalemba EYA, ndikulumbira."

Ignasio anatembenuza tsambalo.

"Tsambali silinaone dzuwa, Bibi. Unaliika kuti?"

"Kuchipinda."

"Pawindo?"

"Kunsi kwa bedi," anayankha motsitsa mawu. "Amayi akanafunsa."

"Mumdima mbewu sipanga chakudya. Koma maselo ake sasiya kupuma. Amaotcha shuga amene anasunga kuti apeze mphamvu, monga timachitira ife, usana ndi usiku. Akapanda kuona dzuwa amadya nkhokwe yonse mpaka kutha psiti." Anapukuta manja pang'onopang'ono. "Inenso miyezi yonseyi ndakhala ndikudya zosunga. Zatsala pang'ono kutha."

"Igi, usatero."

"EYA wa kunsi kwa bedi ndipita naye kuti? Amalume akafika kwanu, udzawabisanso kuseri kwa sutikesi?"

Bibiana anayenda wapansi mpaka kwawo, misozi ili chuchuchu. Analemba uthenga: "Pepa, kholowa wanga." Sunayankhidwe. Analembanso: "Ukadali wanga?" Foni inangoti zii. Lamulungu lonse, Lolemba lonse, zii. Kodi munthu angathe kupuma masiku awiri opanda "dzuwa langa"?

Lachiwiri m'mawa anakoka chitini chija. Masamba anali atayamba kufuwa, nsonga italendewera. Anasankha tsamba lalikulu, namatapo pepala lake, natuluka nacho n'kuchikhazika pathandala la mbale, pakati penipeni pa bwalo.

Amayi anasiya kusesa.

"Kholowa ameneyu wavala maliro a ndani?"

"Ndi kalata, amayi."

"Kalata?" Anawerama n'kuwerenga zobooledwazo. "Eya. Ukuvomera chiyani, ndipo ukuvomera ndani?"

Bibiana anafotokoza zonse: siteji, labotale, miyezi isanu ndi itatu, amalume. Anamaliza maso ali pansi, akudikira mkuntho.

"Ndi uja wamtali amakuperekeza n'kubwerera pamjigo ngati wakuba?"

"Mumamudziwa?"

"Mwana iwe, amayi a kutchalitchi tili ndi maso mudzi wonse. Ndimadikira ndione tsiku limene udzandiyese munthu." Anatolanso tsache. "Za koleji sindinasinthe, fomu yofunsira malo udzalemba ndithu. Koma muuze adzaphikire pano tsamba lakelo, ndione ngati ali ndi nzeru kapena ndi matsenga chabe."

Bibiana analembera Ignasio: "Chitini chili pabwalo. Amayi awerenga. Akuti ubwere madzulo ano ndi ayodini wako."

Sipanathe mphindi. "Ndikubwera, dzuwa langa."

Cha m'ma folo koloko Ignasio anafika panjinga, thukuta lili kamukamu, mabotolo akulira m'chikwama. Anagwada popereka moni mpaka bondo linalowa m'fumbi. Amayi anamubwereka kapoto ndi mbaula, n'kukhala pampando manja atapinda.

Tsamba linawira, linayera, linatambasulidwa pambale yoyera ya alendo. Dontho loyamba linagwa, kenako lachiwiri. Pang'onopang'ono zilembo zinayamba kutuluka, zakuda bii, zooneka ngati zosindikiza.

"Zakhala bwino chonchi chifukwa masiku amdima aja anachotsa sitachi yense wakale," Ignasio anayamba kufotokoza. "Ndiye maselo atangoona dzuwa..."

"Bambo, sitili m'kalasi," anamudula amayi. "Mwawerenga kapena ndikuwerengereni?"

"Ndawerenga, amayi."

"Chabwino. Amalume ake ndi a Silvesta, amakhala kwa Kadewere, nyumba yoyang'anizana ndi chigayo. Anthu anu akafike Loweruka m'mawa, asanapite kudimba."

Ignasio anayang'ana Bibiana. Mtsikanayo anatambasula dzanja n'kugwira lake, pabwalo pomwepo, amayi akuona, ndipo anthu awiri a kutchalitchi amene ankadutsa pamsewu anachita kuima.