Chikwangwani cha pa Dzenje la Malasha

Masniah ankalowetsa abakha m'khola ndi nsungwi yaitali pamene mayi ake anatulukira pakhomo.

"Kodi Bagas ali kuti? Mpunga wake wazizira."

Bagas anali msuweni wa Masniah, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, amene anafika dzulo lake kuchokera ku chilumba cha Java.

"Kaya, amayi."

"M'mawa amafunsa za dziwe lobiriwira limene analiona ali m'basi."

Kumudziko kunalibe dziwe. Kunali dzenje limene kampani inasiya itatha kukumba malasha, mvula n'kulidzaza. M'mphepete madzi ankalekeza m'mawondo, koma ukangoponda kachitatu, pansi pankathera pomwepo ngati pachitsime. Chaka chatha linameza ana awiri.

Maso a Masniah anagwera pa khoma la khola. Chikwangwani chofiira choletsa kusambira chinali pomwepo, chokhomedwa chozondoka. Anachizula yekha kudzenjeko mwezi watha kuti atseke bowo limene ng'azi inkalowera kudzaba mazira. "Ndani kuno sadziwa dzenje lija?" anatero tsikulo.

Anathamanga, nsungwi ili m'manja. Pamsewu wa kampani anapeza malole a malasha atandondozana. Anawerenga asanu ndi awiri, fumbi lakuda likumulowa m'maso. Litangodutsa lomaliza, anaoloka.

Malaya a Bagas anali pamwala. Mwini wake anali m'madzi, akumwetulira.

"Achemwali, bwerani! Madzi ake ngoyera bwanji!"

"Ima pomwepo, Bagas! Usasunthe!"

"Aa, chimtsikana chonsechi kuopa madzi? Mwachita kugonja kwa abakha anu omwe?"

"Bwerera, ndakupempha. Kutsogoloko n'kwakuya."

"Bodza! Bambo anati pamalo oopsa amaikapo chikwangwani. Ndayang'ana ponseponse, palibe."

Anaponda kamodzi kuti amuonetse. Mutu unangoti zii m'madzi.

Masniah anagona chafufumimba pagombe n'kuponya nsonga ya nsungwi. Kadzanja kanatulukira, kanaphonya, kanamiranso.

"Gwira! Gwira, iwe!"

Kachiwiri nsungwi inalemera. Anakoka, miyala yakuda ikumusenda zigongono, mpaka mwanayo anafika pouma. Bagas anasanza madzi, n'kuyamba kulira.

"Musakanene kwa azakhali. Ndine wolakwa."

Masniah anamuveka malaya.

Atafika kunyumba sanadye. Anatenga hamala n'kuyamba kuzula misomali ya chikwangwani chija pakhola. Bambo ake, amene anali atangoweruka kumgodi, chisoti chidakali kumutu, anaima kumbuyo kwake.

"Nanga ng'azi ija, mwanangu?"

"Idye mazirawo, bambo."

Bambowo anayang'ana tsitsi lonyowa la Bagas, anayang'ananso zigongono za mwana wawo zochucha magazi. Anatola mtengo wolimba ndi khasu, n'kutsatira Masniah kudzenje.