Nsomba za Malemu Pilirani

Madziwo anayamba kuchita mbuu patatha masabata atatu chiikireni maliro a Pilirani.

A Rodwell anaziona m'mawa wina wa mu Juni akumanga tayi kuti azipita ku ofesi. Thanki yagalasi ya nsomba, imene mwana wawo ankaisamala ngati khanda pabalaza kunyumba kwawo ku Katoto, inali ngati mwathiridwa madzi otsukira mpunga. Mbuna zisanu ndi ziwiri zachikasu, zimene Pilirani anakazitenga yekha ku Nkhata Bay, zinkangotulukira pagalasi kenaka n'kuzimirira. Mwanayo anafa pangozi ya minibasi mu nkhungu ya ku Chikangawa, ndipo anakamuika kwawo ku Dedza, kutalitu. Zovala achibale anagawana. Chamoyo chimene anasiya m'nyumbamo chinali nsombazo basi, ndipo bambo ake analumbira chamumtima kuti sipafa ngakhale imodzi.

Anakhuthula madzi onse, anatsuka miyala ndi siponji ya kapampu, n'kuthira atsopano. Madzulo mwala uliwonse unkaoneka bwinobwino. Kutacha, mbuu! Ndipo imodzi inali itayandama chagada.

Ku Katoto nkhani sigonera. Amayi a kumpingo amene ankabwera kudzapepesa ankayang'ana thankiyo chakumbali, akatuluka pageti n'kuyamba manong'onong'o. Ena ankati wofa pangozi sagona msanga. Mayi wina analumbira kuti anaona chala chikukanda galasi cham'kati. A Rodwell, mkulu wa mpingo wathunthu, anati zimenezo ndi zamkutu, koma madzulo ankadutsa pabalazapo mofulumira ndithu.

Anaitana Tumbikani wa ku Zolozolo, mnzake wa malemuyo amenenso ankaweta nsomba. Iye anagwada, kununkhiza, n'kupukusa mutu.

"Pepani chomene adada, koma apa mwalakwitsa. Madzi sitichotsa onse. Mu siponji umu mumakhala tizilombo tabwino todya zonyansa, ndiye mukatsuka ndi madzi apampopi timafa ndi mankhwala. Madzi akabiriwira ndi dzuwa, ndere imeneyo. Akachita matope ndi mchenga. Koma akachita mbuu chonchi, chilipo chikuwola. Mukuzidyetsa kangati?"

"Kamodzi patsiku, tizakudya tochepa."

"Lekani masiku atatu, sizifa ndi njala. Muzichotsako ndowa imodzi yokha. Komanso tungani m'tambula, muyike pawindo, muone chimene chidikhe pansi."

A Rodwell anatenga kachitini ka chakudya cha nsomba n'kukakakhomera m'dilowa ku ofesi. Panalibenso wodyetsa. Mkazi wawo, a Eness, chichitikireni zovutazo ankagona kuchipinda cha mwanayo, osadya zenizeni, osayankhula, ndipo pafupi ndi thankiyo masana sankafikapo n'komwe.

Usiku woyamba a Rodwell anamva kapampu kakulira monga mwa masiku onse, kenaka kaphokoso kena, phu phu phu, pang'onopang'ono, ngati munthu akuomba m'manja moopa kudzutsa anzake. Anadzifunditsa bulangeti kumutu, munthu wamkulu. Kutacha inafa yachiwiri. Usiku wotsatira kuomba kuja kunabweranso, ndipo pambuyo pake panamveka mawu otsika, osamveka bwino, okoka ngati a munthu wotopa ndi kulira. M'mawa zinafa ziwiri pakamodzi. A Rodwell anazikwirira kuseri kwa nyumba, misozi ili mbwembwembwe. Zinawapweteka ngati akuikanso mwana kachiwiri.

Atalowa anakumbukira tambula ija. Pansi pake panali patadikha zoyera. Anazipekesa ndi zala, n'kununkhiza. Fungo lake linali lowawasa, la mphale yoviika. Unali ufa.

Tsiku limenelo sanakagone. Anakhala pampando wa pakona, kuseri kwa kabati, atavala jekete. Magetsi anazima, kapampu kanaleka kulira, ndipo m'nyumba monse munangoti zii, kupatula madontho a nkhungu ogwa kuchokera pamalata, tho, tho, tho. Mdima wake unali woti ngakhale dzanja lako sungalione. Atambala oyamba atalira, chitseko cha chipinda cha Pilirani chinalira pang'ono. Kunatulukira kandulo, kenaka mapazi osavala nsapato.

Anali a Eness. Anagwada patsogolo pa thankiyo, kuika kandulo pansi, n'kuomba m'manja katatu. Anamasula mfundo pa nsonga ya chitenje, anatapa ufa woyera ndi zala zitatu, n'kuwaza pamadzi.

"Pili, landira mwana wanga," ananong'ona. "Kumanda kwako n'kutali, sindingafikeko. Ndine ndinakutuma ulendo uja, ndine. Unakana kuti kuli nkhungu, ine n'kukakamira. Usandisungire mkwiyo."

"Amake Pili," anatero a Rodwell.

Mayiwo sanadzidzimuke, sanacheukenso.

"Kandineneni kumpingo ngati mukufuna, bambo ake Pili. Kwathu nsembe ya ufa timathira patsinde pa mtengo wa mpoza. Nanga kuno, nyumba yaboma ino, ndikathire pati? Pamene ankakhala mwana wanga ndi pano."

A Rodwell anayandikira n'kugwada nawonso. Ulaliki wonse umene ankaudziwa unawathawa.

"Sindikanena kulikonse. Koma ufawu ukuwola m'madzimu, mkazi wanga. Ndi umene ukupha nsomba zake."

A Eness anayang'ana zala zawo zoyerazo nthawi yaitali. Kenaka analira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda, akuti, "Mayo ine, ndamupha kawiri!" Amuna awo anawagwira mpaka kunja kunayera, ndipo mayiwo anakutumula okha ufa wotsalawo pakhomo.

Anatsatira zonse zimene ananena Tumbikani, ndowa imodzi patsiku, siponji kuitsukira m'madzi a m'thanki momwemo. Inafanso ina imodzi imene inali itafooka kale. Pa tsiku lachisanu ndi chitatu, Loweruka m'mawa, madzi anali oyera moti mchenga unkawerengeka, nsomba ziwiri zotsalazo zikuthamangitsana.

"Amake Pili, tabwerani mudzaone! Zapulumuka!"

A Eness anabwera, anakhala pansi, n'kuyang'ana kuchokera pakona iyi mpaka pakona iyo.

"Mwachita bwino," anatero motsitsa. "Koma muja munali mbuu, ndinkamuona. Nkhope yake inkatulukira kuseri kwa mwala waukuluwo, n'kundiyang'ana. Pano muli miyala yokhayokha."

A Rodwell anakhala pansi pambali pa mkazi wawo, manja ali pamaondo. Nawonso anali atamuona, kawiri konse, koma sanauze munthu.