Goli la pa Njira Yotsikira ku Malindi

Sindine munthu wokonda kusimba, ndipo bodza ndilibe nalo nthawi. Izi zinachitika masana, dzuwa lili pamutu, m'mwezi wa Meyi, patangopita masabata ochepa chidyereni Idi. Anaziona ndi maso awo ndi a Bakali, mlimi wa njuchi wa ku Chowe. Akadali moyo. Wokayika akawafunse.

A Sefu ndi kalipentala wa ku Mangochi boma. Amakhoma ngolo ndi kusema magoli a ng'ombe, ntchito imene anaiyamba asanamere ndevu. Mwana wawo womaliza atakwatiwa, nyumba inangoti zii, ndipo akazi awo, a Hidaya, anayamba kuumirira zokapuma kwina.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikumeza utuchi," anatero a Hidaya. "Ndikufuna ndikaone nyanja ziwiri nthawi imodzi, monga ndinkachitira ndili mtsikana."

"Madzi ali apa pamlatho," anayankha a Sefu.

"Umenewo ndi mtsinje, bambo a Nuru. Musandiyese mwana."

Anagwirizana zokagona ku Chowe kwa a Bakali, amene ndi mlongo wawo wa a Hidaya, kukwera phiri m'mawa, kenako kutsika ndi njira ya m'nkhalango mpaka ku Malindi, kukakhala masiku awiri m'mbali mwa nyanja manja ali lende.

Anafika pamwamba dzuwa litakwera pang'ono. Udzu unali utayamba kufiira, mwera ukuwomba mozizira, ndipo m'minda ya m'munsi anthu ankaoneka ngati nyerere pa mikukwe ya chimanga. Kumanja kunali nyanja yaikulu. Kumanzere kunali Malombe, akunyezimira ngati mbale yokwecha kumene. A Hidaya anakhala pamwala, natulutsa mbatata ndi tiyi wa m'fulasiki, naseka amuna awo amene ankangoyeza mitengo ndi maso. A Sefu anavomera kuti malowo ndi abwino. Kwa iwo amenewo anali mawu ambiri.

Potsika, njira inalowa pansi pa mitengo ya mango yakalekale, imene palibe akudziwa anaibzala ndani. Pamenepo a Bakali anaima.

"Kuyambira pano mpaka kumunsi, tisatsatane pamzere. Tiziyenda phewa ndi phewa, ngakhale udzu utiyabwe."

"Chifukwa?" anafunsa a Sefu.

"Ndi mmene timayendera kuno, alamu. Njirayi ndi yakale. Ankatsitsira anthu kunyanja."

"Anthu ati?"

"Ogulitsidwa."

A Hidaya anapukusa mutu. "Achimwene, zimenezo amayi ankatiopsezera kuti tisamapite kutali. Inu mpaka imvi mukadali nazo?"

Komabe anayenda moyandikana. Anayenda bwino ndithu, mpaka munga unalowa m'nsapato ya a Hidaya. Iwo anawerama kuuchotsa, nasenza chikwama pamutu kuti manja apume. Amuna awiriwo anali ataona mtengo wa mbawa woongoka bwino, ndipo pokangana za matabwa amene angatulukemo, mmodzi anatsogola, wina nakhala pambuyo pake. A Hidaya anawatsatira. Unali mzere.

Choyamba chimene a Sefu anazindikira ndi njiwa. Zinali zikulira m'mawa wonse. Tsopano zinaleka. Mphepo nayo inaleka.

Kenako fungo. Thukuta lakale, dzimbiri, ndi fungo lija la chilonda chosatsukidwa.

Kenako mapazi. Ambiri, opanda nsapato, okhwekhwereza pamasamba ouma. Pakati pa mapaziwo pankamveka mtengo wouma ukulira, monga imachitira ngolo yolemedwa.

A Hidaya anadutsa amuna awiriwo osawayang'ana. Chikwama chinali chitagwa. Chibwano chili m'mwamba, khosi lili gwa, manja ali kumbuyo. Maso anali otsegula, misozi ikutsika.

"Mayi a Nuru," anaitana a Sefu.

A Hidaya anangopitirira.

A Bakali anawagwira mkono, koma anakokedwa ngati agwira chingwe cha khoka chimene akukoka anthu makumi awiri. Anagwa chafufumimba.

"Alamu, salinso okha," ananong'ona podzuka.

"Akathera kuti?"

"Kunyanja. Pamene zombo zinkaima."

"Zombozo kulibe."

"Iwo sakudziwa. Amangolowa m'madzi."

A Sefu sanafunsenso. Anathamanga nakaima kutsogolo kwa akazi awo, mikono itatambasuka. Chinthu cholimba chinawagunda pachifuwa a Hidaya asanawafike, ndipo anagwera m'udzu. Anavula lamba, namangirira dzanja la a Hidaya kumtengo. Lamba anaduka. A Bakali ananena madua, mapemphero onse achisilamu amene ankawadziwa, mpaka mawu anasasa. Mzere sunaime.

Anatsika choncho nthawi yaitali. Nsapato za a Hidaya zinatsala pamiyala. Zidendene zinayamba kusiya magazi. Mitengo inayamba kupatukana, ndipo pakati pa nthambi nyanja inaoneka, pafupi, yobiriwira, mafunde akumveka kale.

Apa a Sefu analeka kulimbana. Anayenda pambali pa akazi awo, nawayang'ana monga amayang'anira ng'ombe ya munthu wodandaula kuti goli likuipweteka. Anaona kuti njira ikakhota, a Hidaya sankakhota msanga, ankazungulira patali, ngati pali chinthu chachitali chowalumikiza ndi wina kutsogolo. Anaona mapewa akugwa mbali imodzi pa sitepe iliyonse. Anaona mizere iwiri yofiira ikutuluka m'mbali mwa khosi, pansi pa mpango.

"Ali m'goli," anatero.

Anatambasula dzanja. Pamene maso ankaona mpweya wokha, zala zinakhudza mtengo. Wouma, wosalala ndi thukuta la anthu ambiri. Unali wa mphanda. Mphandazo zinagwira khosi uku ndi uku, ndipo kunkhongo zinatsekedwa ndi chitsulo chopingasa, chozizira, chokhomedwa kuchokera kumanzere. Mmisiri amene anachikhoma sanapinde nsonga yake. A Sefu anazindikira pomwepo kuti chikhoza kutuluka.

"Ndipatseni mwala. Wosongoka."

"Mukaphonya n'kuwamenya mutu?"

"Mwala, alamu."

Anamenya akuyenda. Ulendo woyamba anadziphwanya chala. Wachiwiri chitsulo chinasuntha. Mchenga unali utayamba kumveka pansi pa mapazi. Wachitatu anamenya ndi mphamvu zawo zonse, mwala ukudutsa pafupi ndi khutu la akazi awo.

Chinamveka chitsulo chikugwa pamwala. Ngwee.

A Hidaya anagwada pansi, nakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi. A Sefu anawagwira mapewa. Thupi linali lofewa, lawolawo.

Mapazi aja anaima. Onse, nthawi imodzi.

"Tiyeni," ananong'ona a Bakali. "Anyamuleni tizipita."

A Hidaya anagwira malaya a amuna awo. Mawu ankatuluka movutikira. "Bambo a Nuru, pali ena. Kutsogolo kwangaku kuli mayi akutsimphina. Njira yonse amandiuza kuti ndisagwe."

Panalibe chooneka. Njira yokha, udzu, ndi nyanja patsogolo. Koma kupuma kunkamveka. Kupuma kwa anthu ambiri amene akudikira, osayerekeza kupempha.

A Sefu anatola mwala wawo.

"Alamu, mwapeza wanu. Zinazo si zathu."

"Ndaona makhomedwe ake," anatero a Sefu. "Sizivuta."

Anapapasa mtengo uja, nautsata ndi dzanja mpaka kumapeto ena. Anapeza mphanda, napeza chitsulo. Khosi sanalikhudze, koma kutentha kwake anakumva. Anati, "Pepani mayi, musagwedezeke," namenya.

Ngwee.

Wina anausa moyo. Udzu wa kumanja unagawikana, ndipo mapazi otsimphina anakwera chitunda, pang'onopang'ono poyamba, kenako mothamanga.

Anapita kwa wotsatira. Ndi wotsatira. Magoli ena anali m'mwamba, moti ankachita kunyanyamphira. Ena anali m'munsi kwambiri, ndipo pa amenewo a Sefu ankachita kugwada. Zala zinang'ambika. Mwala unasweka, ndipo a Bakali anabweretsa wina. Chitsulo chilichonse chikagwa, udzu unkagawikana kwina: kumpoto, kumwera, kuphiri. Wina pothawa anaseka. A Hidaya, ali chigwadire, anayamba kunena Alhamdulillah pa chitsulo chilichonse, ndipo a Bakali anawerenga. Zinakwana makumi awiri ndi zitatu. Chomaliza chinagwera m'madzi ofika m'akakolo.

Njiwa imodzi inalira.

Ndiye anamva mapazi ena. A munthu mmodzi. Ovala nsapato, olemera, ochokera kumbuyo kwa mzere. Sanafulumire. Anadutsa a Bakali. Anadutsa a Hidaya. Anaima pamaso pa a Sefu. Panamveka fungo la chikopa cha chikoti. Mpweya wotentha unawomba pankhope pawo.

A Bakali amati iwo anatsinzina. A Sefu sanatsinzine. Anaima m'madzimo, mwala uli m'dzanja, magazi akudontha.

"Palibe wako pano," anatero.

Panapita nthawi. Mpweya uja unachoka pankhope. Nsapato zinatembenuka pamchenga.

A Sefu anataya mwala, nabereka akazi awo kumsana monga mwana, nayenda nawo m'mbali mwa madzi mpaka ku Malindi, asodzi okonza maukonde akuwayang'ana. Masiku awiri aja anakhaladi. A Hidaya ankaviika mapazi m'nyanja m'mawa uliwonse, nadya chambo chowotcha, a Sefu akudya ndi supuni chifukwa zala zinali m'mabandeji. Mizere ya pakhosi inatenga mwezi kuti ithe. Ndinaiona ine ndemwe.

A Bakali anabwererako patapita sabata ndi amuna anayi kukafuna zitsulo zija. Anapeza nsapato, chikwama, ndi zidutswa za mwala zamagazi. Chitsulo sanapeze ngakhale chimodzi.

Amati njirayo tsopano ili phee, ndipo amayi otola nkhuni amatsika mmene afunira. Koma masana ena, dzuwa likafika pamutu, pamamveka mapazi a munthu mmodzi wovala nsapato. Amatsika mpaka kumchenga, naima, nakweranso. Pokhota paliponse amaima kanthawi, ngati akusuzumira m'udzu. Sakhudza munthu. Amangokwera ndi kutsika, ndipo a Bakali amati masiku ano mayendedwe ake ndi a munthu amene akuopa kukafika kunyanja chimanjamanja.