Malalanje Atatu Ochedwa

Mtembo unakodwa pa mzati wachitatu wa mlatho. Anauona ndi wokumba mchenga, 7 koloko m'mawa, nkhungu isanachoke pamadzi. Womwalirayo anali woyeza madzi a mumtsinjemo, ndipo wotchi yake yapakhosi inali ikuwerengabe masekondi.

Sajeni, mayi amene anakalambira pa ntchito yofufuza milandu, anayamba wapanikiza wokumba mchenga uja, poti ankakangana ndi malemuyo pafupipafupi. Koma bamboyo anakana, ndipo mkazi wake anati chikhalire m'bandakucha anali limodzi.

Pa 8:10, Sajeni akadali pamlatho, lalanje linatulukira mu nkhungu, likuyandama mwakachetechete. Linalembedwa 1. Patatha mphindi zisanu kunabwera 2, kenaka 3, ngati ana otsatira bambo awo kumanda.

Masana Sajeni anaitanitsa ku ofesi yake mnzake wa ntchito wa malemuyo, amene anthu ankamutchula Chipewa.

"Anaterereka ine ndikuona, bwana," anatero Chipewa. "Pamalo athu oyezera, 6:30. Mtsinje uja ndi woipa."

"Malalanjewa ndi a chiyani?"

"Timaponya m'madzi, n'kuwerenga nthawi imene latenga kuyenda mamita 20. Basi, liwiro la madzi talipeza."

Sajeni anatsegula kabuku ka malemu kamene kanapezeka pagombe. "Lero analemba masekondi 40. Ndiye kuti?"

"Theka la mita pa sekondi."

"Kuchokera poyezera kufika pamlatho?"

"Makilomita atatu ndi mamita 600."

"Werengani, akulu. Ntchito ndi yanu iyi, ine sukulu ndinaithawa."

Chipewa anayendetsa milomo. "Maola awiri."

"Eya. Kabukuka kakuti lalanje loyamba analiponya 6:10, lafika 8:10, silinaname. Nanga munthu wogwa 6:30 wafika bwanji 7 koloko? Anawapitirira malalanje ake ali wakufa?"



"Mphindi 30 pa liwiro limeneli ndi mamita 900," anapitiriza Sajeni. "Ndayenda mamita 900 kuchoka pamlatho kukwera kumtunda. Ndapeza paipi yobisika m'mabango, yopatutsira madzi kumunda kwanu. Ndapezanso nsapato yake imodzi m'matope."

Chipewa anavula chipewa chake, n'kuchiika pabondo.

"Chaka chonse ndinkalemba manambala abodza kuti madzi osowawo asaoneke," anatero motsitsa mawu. "Iye anayeza kumtunda, anayeza kumunsi, sizinagwirizane. Lero titamaliza anati tikwere njinga yamoto tikaone pokhota mtsinje, pafupi ndi munda wanga. Ataiona paipi anati akandinenera. Ndinamupempha, bwana, ndinagwada. Anangotembenuka. Ndinamukankha."

"Nanga bwanji munati anagwera poyezera?"

"Kuti musayandikire kumunda."

Sajeni anamva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo. Zaka khumi ndi ziwiri munthuyu akuyeza mtsinje womwewo, koma pokonza bodza lake anaiwala kuufunsa liwiro.

Anatenga malalanje atatu aja, akadali onyowa, nawandandalika patebulo pamaso pa Chipewa.

"Mboni zanu izi," anatero. "Zafika mochedwa, koma pa nthawi yake."