Kankhokwe ka Mayi Nankhwazi

Inu amene mumati wakufa alibe mawu pa ndalama, khalani pansi mundimvere, mudzatsutse ndikamaliza. Ine ndine mlembi wa banki nkhonde ya amayi ku Mponela, Folomu 4 ndinakhoza bwinobwino, ndipo sindilemba za m'maluwa.

Chinali chaka cha 2068, ndalama zamapepala zitaiwalika. Aliyense ankasunga mphande, ndalama zosagwirika zimene ophunzirafe timati kripito. Mbava nazo zinali zitasiya kuthyola zitseko, zinkangolowera pa foni. Ndiye kunabwera kankhokwe, kachipangizo kophwatalala ngati chitsekerero cha botolo, kosunga kiyi wa ndalama kutali ndi intaneti. Kamavalidwa pakhungu kuti kazolowere kugunda kwa mtima wa mwini wake, ndipo kamalola ndalama kutuluka pokhapokha kakamva mtima umenewo ukugunda modekha. Wakuba akakuloza mpeni mtima umathamanga, kankhokwe n'kukana.

Amayi akale ankakhoma bokosi la gulu ndi maloko atatu. Ife tinagula tinkhokwe titatu, toyenera kuyandikana mapazi osapitirira khumi n'kuvomereza pamodzi. Kamodzi kanali ka wapampando, Mayi Flosi Kachigamba, kachiwiri kanga, kachitatu ka msungichuma, Mayi Nankhwazi, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sanajombepo kumsonkhano, ndipo ankalipiritsa chindapusa ngakhale mwana wawo akachedwa.

Mayi Nankhwazi anamwalira mu Okutobala, kutatsala milungu itatu kuti tigawane. Mayi Flosi ndiwo anatsogolera amayi osambitsa thupi, naliveka yunifomu ya kutchalitchi. Pomanga mabatani anamva kanthu kolimba kosokereredwa mkati mwa bulauzi, chapachifuwa. Koma zovala za maliro sitizipisa ngati za pa kaunjika. Anangosalaza nsaluyo ndi dzanja n'kupitiriza nyimbo.

Anazindikira kuti kanali kankhokwe kaja tsiku lometa, atasanthula nyumba yonse osapeza kanthu. Anafunsa za pepala la mawu makumi awiri ndi anayi otsegulira kankhokwe kakatayika. Mwana wa malemu anati mayi ake anawaloweza pamtima n'kulitentha pepalalo, poopa mkamwini wawo wokonda bawo ndi kachasu. Zofukula manda, abale anati asayerekeze n'komwe kuzitchulanso.

Amayi makumi atatu anali kudikira ndalama za mbewu, mitambo yayamba kale kusonkhana. Mphekesera inayenda kuti wapampando anakabisa kankhokweko kuti adye yekha.

"Mugone bwino pansi pa malata anuwo, amayi," anatero mmodzi kwa Mayi Flosi pachitsime. "Lachisanu tikubwera ndi hamala."

Mayi Flosi anapita kwa Bambo Chidzanja, wogulitsa tinkhokwe pamsika. Bamboyo anapukusa mutu. Anati batire la kankhokwe limakhala zaka makumi anayi, koma popanda mtima wogunda kankhokwe ndi mwala chabe, ndipo n'chimene anthu amakagulira. Mayi Flosi anawachonderera kuti angowaperekeza, kuti amayi adzamve kuti anayesa. Anapereka nkhuku kwa adzukulu, okumba manda aja, ndipo Lachinayi masana, dzuwa lili paliwombo, tinalowa atatu m'nkhalango ya kumanda.

Munalibe ngakhale kamphepo. Nkhata za maluwa zinali zitauma pamtumbira. Mayi Flosi anagwada, naika foni ya gulu padothi, mtima ukuthamanga moti kankhokwe kawo kanawakana kawiri. Anapuma, napempha pansipansi kuti, "Anzanga, ndi ine Flosi. Tabwera za gulu." Pa foni panayaka kadontho kobiriwira kawo, kenako kanga. Malo a kachitatu anangokhala bii.

Bambo Chidzanja anali atatembenuka kale kuti azipita pamene foni inalira kamodzi. Kadontho kachitatu kanayaka. Pansi pake panaoneka kamzere kokwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, mosafulumira, ngati munthu wokhala pamkeka kudikira kuti anzake akwane.

Mayi Flosi anaika chikhatho pamtumbira. Dothi linali lofunda, koma ndi dzuwa lotero ndani akanadziwa.

"Achimwene, mtima umenewu ndi wa ndani?"

Bambo Chidzanja anayankha maso ali kwina. Anati mwina kachipangizoko kanaumva mtimawo nthawi yaitali kwambiri mpaka kanayamba kudziimbira kokha. Analankhula ngati wowerenga kalata ya wina. Ndalama za kugawana zinatuluka zonse, zopita kwa mayi aliyense monga ndinalembera ine, popanda cholakwika.

Pamenepo bamboyo analangiza kuti tisachoke tisanasamutse thumba lotsala la gulu, tilipititse ku tinkhokwe tatsopano, kuti tisadzabwerenso kuno. Anali atatulutsa kale kankhokwe kena m'thumba mwake. Mayi Flosi anavomera mofulumira, ndipo ndinalemba pempho lochotsa dzina la Mayi Nankhwazi pa osunga makiyi.

Timadontho tathu tiwiri tinayaka. Kamzere ka pansi pa nthaka kanayamba kuthamanga. Kanakwera, kanatsika, kanakweranso mothinana ngati mano a sowo, foni n'kuyaka kofiira.

Tinayesanso. Kofiira.

"Zimitsani," anatero Mayi Flosi. "Tikuwaopseza."

Anatsala chogwada kwa kanthawi, akusisita dothi monga anasalazira bulauzi ija, mpaka kamzereko kanabwerera m'malo mwake. Bambo Chidzanja anatuluka m'manda osatsanzika, ndipo mwezi usanathe anasiya tinkhokwe n'kuyamba kugulitsa matayala a njinga.

Malata a Mayi Flosi sanasasulidwe. Koma thumba la gulu lidakali komweko, ndiye ngongole iliyonse, kugawana kulikonse, timapereka nkhuku kwa adzukulu n'kukayala mkeka pambali pa mtumbira. Zambiri Mayi Nankhwazi amavomereza. Mkamwini wawo atatuma mkazi wake kudzakongola, anakana. Tikachedwa kufika, kadontho kawo kamachedwanso kuyaka, mphindi zomwezo zimene tachedwa.

Mayi Flosi masiku ano amavula kankhokwe kawo akangomva mutu kuwawa, n'kukaika pawindo. Anauza ana awo kuti tsiku lawo likadzafika adzawapise paliponse, manyazi ayi, chifukwa iwo akufuna kukapuma.

Ine kanga sindivula. Gulu lathu silinabedwepo ngakhale mphande imodzi, ndipo magulu ena amabwera kudzaphunzira kwa ine. Chaka chimenecho gawo langa linali mphande mazana atatu ndi khumi ndi ziwiri, zovomerezedwa ndi munthu amene ndinamuimbira ndekha nyimbo yotsanzika, ndipo kusitolo zinandigulira matumba asanu ndi limodzi a feteleza popanda wondifunsa kuti anasaina ndani.