Dzanja pa Nsalu ya Makoti a Mvula

Iyi si nkhani yotola m'minibasi ayi. Ba Clive, amene amayendetsa makina pafakitale ya makoti a mvula mpaka lero, analipo, ndipo munthu uja ngakhale nthabwala sazidziwa.

Philomena wa ku komboni ya George anaferedwa mwamuna wake, ba Kasonde, mvula itadzaza ngalande. Anaterereka pochokera kuntchito, madzi n'kuwatenga. Achibale atabwera kumaliro anasesa nyumba yonse, osamusiyira ngakhale malaya amodzi oti azinunkhiza. Anangotsala ndi kamtsikana kake, Kunda.

Fakitale yomwe malemuwo ankagwirako inamumvera chisoni, n'kumupatsa ntchito yoyang'ana nsalu za makoti a mvula. Nsaluzo zimayamba zadutsa m'makina a plazima, m'kuwala kofiirira komwe kumapsereza mafuta ndi litsiro losaoneka, kuti phula loletsa madzi limatirire bwino. Lamulo lake n'limodzi: nsalu ikatuluka mmenemo, osaigwira popanda magulovu. Pomwe pagwira dzanja, phula limakana.

Posakhalitsa nsalu zinayamba kutuluka ndi dzanja, chikhatho chonse bwinobwino, phula litachilambalala. Ba Chewe, kapitawo, sanafune kumva zambiri. Anamuuza Philomena pamaso pa anthu kuti dzanjalo likangoonekanso, ntchito yatha. Mayi wosaukayo analidziwa dzanjalo. Chala chamkombaphala cha dzanjalo chinali chodukira pakati, ngati cha ba Kasonde. Usiku ankalira ndi mantha, koma kunena zoona ankaliranso ndi chimwemwe, poti mwamuna wake anali atamutsatira.

Tsiku lina masana magetsi anathima. Makina onse zii. Philomena ndi ba Clive anatsala m'chipinda cha makinawo kudikira. Kenako kunamveka kung'ung'udza ngati njuchi. Kuwala kuja kunayaka kokha. Panabwera fungo la mphezi, pambuyo pake la matope a m'ngalande. Pansi panayamba kudontha madzi. Tho. Tho. Nsalu inabonyoka pang'onopang'ono, ngati wina akuisisita.

"Mwaona?" ananong'ona ba Clive.

Philomena anagwada. Anaganiza za Kunda, yemwe m'mawa uja anapita kusukulu atangomwa tiyi wopanda chotafunira.

"Ba Kasonde, nikudziwa ni imwe. Koma lekani. Bakanichotsa ntchito, mwana azadya chani? Yendani chabe."

Kudontha kuja kunaleka. Kuwala kunazima.

Dzanja silinaonekenso, ndipo ntchito inapulumuka. Koma nsalu zonse zokhala ndi dzanja ba Chewe anali atazitentha kale, moti Philomena analibenso kanthu. Ankafunyulula mpukutu uliwonse mtima uli m'mwamba, n'kupeza woyera. Zinkamupweteka koopsa kuti mwamuna wakeyo anamuthamangitsa yekha, ndi pakamwa pake.

Mvula itayandikiranso, anagula kansalu kotsala kufakitale komweko, kosalala kopanda banga, telala n'kumusokera Kunda koti. Ba Clive anakayesa okha ndi madzi, sikanadonthe.

Tsiku lomwe ngalande inadzazanso, Kunda anachedwa. Philomena anaima pakhomo kumudikira. Mwanayo atafika ananena kuti anaterereka pakamlatho ka matabwa, koma wina anamugwira kumbuyo. Atacheuka sanaone munthu.

Philomena anamuvula koti. Yunifolomu yonse inali youma, kupatula paphewa. Pamenepo panali dzanja lonyowa, chala chimodzi chodukira pakati.

Anaika tsaya lake pamenepo osalichotsa, mpaka panauma.